Zimene Ng'ombe Yofiira Inadya

Ine ndine mtengwa. Kwathu ndi kumapiri a ku Ntchisi, koma amuna anga ananditengera kwawo, mudzi wina wa kuseri kwa Chisepo, ndipo ana anga onse atatu ndaberekera komweko. Mtengwa amayenda mosamala. Ungakhale pamudzi zaka khumi, kulima nawo, kulira nawo maliro awo, koma tsiku limene chinthu chalakwika maso onse amayambira pa iwe.

Geni ya kaunjika ndinaiyamba chaka china fodya atatikana. Ndinkakwera matola kupita ku Lilongwe kukatenga belo limodzi, kenako n'kumazungulira nalo m'misika ya kwathu kuno, lero uku mawa uko, katundu ali pa njinga ya amuna anga. Belo umagula osaona zam'kati. Limabwera lomangidwa ndi malamba, lolimba ngati mwala, ndipo umadziwa chimene wagula pokhapokha ukadula lamba womaliza, zovala n'kufufuma, fungo lake lija la mankhwala n'kudzaza nyumba yonse.

Zaka zoyamba mabelo anali abwino. Munkatuluka majekete olemera, masiketi a nsalu yokhuthala, majuzi oti mwana avale, akule, asiyire mng'ono wake. Aphunzitsi ankandipeza pakhomo ndisanafike n'komwe kumsika. Koma pang'ono ndi pang'ono zinthu zinasintha. Munayamba kudzaza tinsalu topyapyala, toterera m'manja, tina tosavalidwapo n'kamodzi komwe, kapepala ka kusitolo kakadali lende pakhosi. Madiresi opanda msana, mabulauzi oonekera mkati, mathalauza oti ukangochapa kamodzi mwendo wina watalika wina wafupika. Atsikana ankatolako zina. Koma mayi wa kwathu kuno, amene akufuna chovala chopita nacho kutchalitchi, kusikelo ndi kumaliro, ankangochitembenuza, kuchiunika padzuwa, n'kuchibwezera pamulu. Belo lililonse linkandisiyira thumba lathunthu la zinthu zoti ngakhale utanena kuti tengani ulere, palibe wotola.

Matumba amenewo anayamba kutilanda malo m'nyumba. Ndinayesa kutentha. Nsalu yathonje imapsa n'kusanduka phulusa, koma izi zinkasungunuka ngati jumbo, kudontha phula lakuda, utsi wake wokanda kukhosi. Mwana wanga wamng'ono anatsokomola masiku atatu, ndipo anansi anadandaula kuti ufa umene anayanika wanunkha. Ndinakwirira zina kumapeto kwa munda. Patapita mvula ziwiri khasu linazifukula zili momwemo, mtundu wake osafwifwa. Ngakhale chiswe chinazikana.

Kumunsi kwa mudzi wathu kuli chigwembe chimene madzi a mvula anakumba, ndipo chaka ndi chaka chimanka chikula. Anthu amaponyamo mapesi ndi nthambi kuti madzi asamathamange. Ndinayamba kukakhuthula matumba anga mmenemo. Mumtima ndinkadziuza kuti ndikuthandiza kutseka chigwembe, ndipo kunena zoona ndinkakhulupirira pang'ono.

Apongozi anga aamuna anali atatsala okha, akazi awo atatisiya kalekale. Anali mkulu wa mpingo, munthu wosalankhulalankhula. Anali ndi ng'ombe ziwiri zapangolo, yofiira ndi yakuda, ndipo kubusa ankapita nazo okha, chifukwa sankafuna kuti wina aziziwopseza ndi chikoti. Ngolo imeneyo inali ya tonse. Inkatuta chimanga ndi fodya wa mabanja anayi, inkanyamula odwala kupita kuchipatala, ndipo bokosi la mkazi wawo inaliperekeza kumanda ndi yomweyo. Popeza analibe wowasamala, madzi awo osamba ndinkawatenthetsera ndine m'mawa uliwonse.

Tsiku lina mu Okutobala, udzu wonse utapsa, ndinasenza thumba kupita kuchigwembe. Ndinapeza ng'ombe zonse ziwiri zili m'katimo, zikufwenkhafwenkha m'mapesi. Apongozi anali kumtunda, atakhala pansi pa mtengo, atandifulatira. Pakamwa pa ng'ombe yofiira panalendewera nsalu yobiriwira. Ndinaizindikira nthawi yomweyo. Linali diresi lina lokhala ndi tinthu tonyezimira pachifuwa, limene ndinayenda nalo misika inayi osapeza wolifuna.

Ndinaponya thumba pansi, kutsetsereka, n'kugwira nsonga ya nsaluyo. Ng'ombe inapukusa mutu. Ndinakoka ndi mphamvu zanga zonse, nsalu n'kung'ambika. M'manja mwanga munatsala kachidutswa kosakwana chikhato. Zotsalazo ndinaziona zikulowa, khosi la ng'ombe likugwedera kawiri, basi zapita.

"Kodi ndani uko?" apongozi anafunsa osatembenuka.

"Ndine, bambo."

"Zikukuvutani ng'ombezo?"

"Iyayi, bambo. Ndimangodutsa."

Ndinasenzanso thumba langa n'kubwerera nalo kunyumba. Ndinadzilimbitsa mtima kuti ng'ombe ndi chinyama chachikulu, kansalu kamodzi kadzatuluka kokha. Masiku otsatira ndinkadzera kukhola ngati ndikutola manyowa a kudimba, ndikutakasa ndowe ndi kamtengo, kufunafuna chobiriwira. Sindinapeze kanthu. Ndipo pamene ndinkatakasa ndi pamene funso lina linandibwerera: kodi limenelo linali tsiku loyamba ng'ombezo kulowa m'chigwembe? Ine ndinali nditataya nsanza mmenemo kwa zaka ziwiri.

Mvula inagwa, msipu unaphuka. Ng'ombe yakuda inanenepa mpaka kunyezimira. Yofiira inkadya pang'ono n'kuima, mutu uli pansi. Nthiti zinayamba kuwerengeka pamene mimba inali yotupa. Masana zikagona pamthunzi, yakuda inkabzikula, nsagwada zikuyenda pang'onopang'ono monga ng'ombe zichitira, koma yofiira inkangoyang'ana kutsogolo, kukamwa kuli duu. Apongozi anaigulira mankhwala a njoka zam'mimba. Anaipatsa mchere, anaiphikira madeya. Ine ndinkaona zonsezi ndili pakhonde ndikusita zovala zopita nazo kumsika, ndipo makala a m'simbi ankazima ndisanamalize bulauzi imodzi.

Kenako kunabuka nkhani ina imene sindinaiganizireko. Apongozi anali ndi msuweni wawo, bambo wachikulire wokhala kutsidya kwa chigwembe, amene chaka chathacho anakangana naye za malire a dimba. Pokangana paja msuweniyo analankhula mwaukali kuti, "Tiona ngati ngolo yanuyo izidzadutsabe pano." Iye ankanena za njira imene ngolo inkadutsa m'mphepete mwa dimba lake. Koma alamu anga, mchemwali wawo wa amuna anga, anawakumbukira mawuwo, n'kuyamba kuwanena kumjigo.

"Ng'ombe yodya msipu womwewo ndi inzake, kumwa madzi omwewo, ina kunenepa ina kuuma? Pali dzanja la munthu apa. Ananena yekha, tonse tikumva."

Apongozi anakana zopita kwa sing'anga. Anati iwo ndi munthu wa mpingo. Komabe anasiya kumupatsa moni msuweni wawoyo, ndipo Lamulungu akamuona wakhala benchi iyi, iwo ankakakhala ina. Mkazi wa msuweniyo akafika kumjigo, amayi onse ankangoti zii, wina n'kukoka mwana wake kumuika kumbuyo. Tsiku lina chidebe chake chinamuvuta kusenza, ndipo panalibe amene anaimirira kuti amutwike. Ine ndinalipo. Ndinayang'ana kumbali ngati ndikumanga chitenje. Anadzitwika yekha, madzi theka n'kutayikira pamsana.

Kuyambira pamenepo chakudya chinasiya kundikomera. Ndinkapita kuchigwembe ngati ndikukatola nkhuni, kuti ndichotse nsanza zanga mwakachetechete. Koma mvula inali itazikwirira m'matope, zina itazikokolola mpaka kumadimba. Ndinkapeza dzanja la malaya litakulunga muzu, ndikakoka likutuluka ndi zina zitatu zolukanalukana. Ndinkadzaza thumba limodzi, n'kuyang'ana kutsogolo, n'kuona kuti sindinayambe n'komwe.

Mu Malichi ndinapita kwathu ku Ntchisi kukaona mayi anga. Msewu unali woipa, galimoto linatitsitsa kawiri kuti tikankhe. Mayi anasokapo zovala zaka zambiri pakhonde la sitolo ina paboma, mpaka maso anayamba kuwavuta. Ndinawatengera thumba la zotsalira zija, poganiza kuti mwina angandiuze chimene munthu angapange nazo. Anatulutsa bulauzi imodzi, kuitembenuza kunja kukhala mkati, n'kuyendetsa chala pamsoko.

"Amene anasoka ichi ankathamangitsidwa," anatero.

"Mwadziwa bwanji, amayi?"

"Taona. Mzerewu ndi wowongoka bwinobwino, ndiye kuti kusoka amadziwa. Koma pothera apa sanabwereze, ulusi anangoudula. Batani ili analibaya kawiri basi. Panali wina kumbuyo kwake amene ankamuuza kuti fulumira. Munthu sasoka chonchi akamadziwa nkhope ya amene adzavale."

Anatenga china, n'kuchikoka pang'ono, msoko n'kuseka. Anapukusa mutu.

"Ndipo nsalu yakeyi si ya m'munda. Ndikanati tipange zigamba, koma chigamba chimafuna nsalu yolimba kuposa chovala. Ndikanati chokolopera, koma siimwa madzi. Anachipanga kuti chivalidwe kawiri n'kutayidwa. Nanga kotayako anakonza kuti?"

Ndinali nditamvapo pawailesi kuti kumaiko kumene zovalazi zimachokera, masitolo amatulutsa zatsopano pafupifupi sabata iliyonse, zotchipa, ndipo anthu amagula zambiri kuposa zimene angavale. Nthawi imeneyo ndinangoti ali ndi mwayi. Koma nditakhala pamkeka paja ndinayamba kuganiza za mayi wosadziwika uja, atawerama pa makina tsiku lonse, kusoka diresi lobiriwira mothamanga. Kenako wina analigula, mwina kulivala tsiku limodzi, mwina osalivala n'komwe. Linawoloka nyanja, linafika m'manja mwanga, ndipo tonse atatu palibe amene linamuthandiza. Tsopano linali m'mimba mwa ng'ombe ya apongozi anga. Misozi inangoyamba yokha, ndipo ndinawauza mayi zonse.

Anandimvetsera osandidula. Nditamaliza anafunsa chinthu chimodzi.

"Bambo akunamiziridwayo ali ndi ana?"

"Ali nawo, ndi zidzukulu zomwe."

"Ndiye ukawauze apongozi ako. Ng'ombeyo kaya ichira kaya ifa, izo n'zina. Koma munthuyo akuvutikira chiyani?"

"Nanga akandibweza kuno?"

"Akakubweza, nyumba ndi iyi. Koma ukakhala chete, udzakhala kumeneko ngati mlendo mpaka imfa, ukuopa ng'ombe iliyonse yodutsa."

Ndinabwerera nditatsimikiza mtima kuti ndikanena. Ndinati ndiyambire kwa amuna anga. Ndinawapeza m'chigafa akusankha fodya, ndinakhala pambali n'kuyamba kuwathandiza.

"Bambo, kodi ng'ombe ikadya nsalu imatani?"

Anaseka. "Mbuzi zimadya ngakhale sopo, sizifa. Bwanji mukufunsa?"

Ndinayang'ana manja awo akuda ndi utomoni wa fodya, maso ofiira ndi kutopa. Ndinaganiza za mchemwali wawo, mmene adzakwezere mawu. Ndinaganiza za geni yanga, imene inkagula sopo, mchere ndi makope a ana.

"Ndangofunsa," ndinatero.

Mawa lake ndinati ndinena mawa. Sabata inatha, ina n'kutha.

Chimanga chinauma, tinadula n'kuimika mikukwe, ndipo tsiku lotuta linafika. Apongozi anakayika, koma panalibe kuchitira mwina, anamanga ng'ombe zonse ziwiri pagoli. Ulendo woyamba ngolo inafika bwino. Ulendo wachiwiri, pokwera kamtunda ka pafupi ndi nkhokwe, yofiira inagwada. Goli linapendekeka, yakuda n'kukokera mbali, chimanga kukhuthukira pansi. Anaimasula, koma inatha ola lathunthu isanadzuke.

Amuna anga anakaitana alangizi a ziweto. Anabwera pa njinga yamoto masana, bambo wamfupi wovala magambuti. Anaiyang'ana m'maso ndi m'kamwa, kenako anakanikiza chibakera pamimba, mbali ya kumanzere. Atachotsa dzanja, pamalopo panatsala dzenje, osabwerera msanga.

"Muli chinthu m'mimbamu," anatero. "Cholimba, ndipo n'chachikulu. Kawirikawiri amakhala majumbo kapena zingwe. Pamene yafikapa, mankhwala sangathandize. Mukachedwa mutaya ndi nyama yomwe. Iphani mawa m'mawa, ine ndibwera kudzaiona."

Za majumbo ndi zingwe palibe amene anazimva. Anthu anangomva zoti muli chinthu. Alangizi asanalize n'komwe njinga yawo, alamu anga anali atayamba kale.

"Mwamva nokha! Muli chinthu! Chinalowamo bwanji? Akhalepo wa kutsidya uja pong'amba mimbayo, aone ndi maso ake."

Amuna ena anavomereza. Apongozi anakhala chete, ndipo kukhala chete kwawo anthu anakutenga ngati chilolezo.

M'mawa mwake ndinatenthetsa madzi awo osamba monga mwa masiku onse, koma sanasambe. Anali kale kukhola, akusisita ng'ombe yawo pamphumi. Anthu anasonkhana, mipeni ndi mabeseni zili pambali, masamba a nthochi atayalidwa pansi. Alangizi anafika. Kenako ndinaona msuweni uja akukwera kuchokera kuchigwembe, amuna awiri a m'mudzi mwathu ali m'mbali mwake, mmodzi atanyamula ndodo. Iye anavala jekete lake la kutchalitchi. Mkazi wake ankatsatira pambuyo, opanda nsapato, manja atagwira kumutu.

Sindikumbuka kuti ndinaganiza chiyani. Ndinangopezeka ndadutsa pakati pa amuna, malo amene mkazi sayenera kudutsa, n'kugwada patali pang'ono ndi apongozi.

"Bambo, ndili ndi mawu."

"Mudzanena bwino, apongozi. Tili pa ntchito."

"Ndi a ntchito yomweyi, bambo. Chimene chili m'mimbamo ndikuchidziwa. Ndi nsanza zanga za kaunjika. Ndakhala ndikutaya kuchigwembe. Ndinaiona ndi maso anga ikumeza diresi lobiriwira, ndinayesa kulanda koma ndinalephera. Bambo awa sakudziwapo kanthu."

Ndinkamva nkhuku zikupalasa kuseri kwa khola. Amuna anga anandiyang'ana ngati sakundidziwa. Alamu anatsegula pakamwa, koma apongozi anakweza dzanja.

"Iphani," anatero, n'kutembenukira kumbali.

Ndinakhalabe chogwada mpaka anamaliza kusenda. Atang'amba chifu, fungo linabalalitsa anthu. Amuna awiri anatulutsa chimpukutu chakuda, chachikulu ngati dengu, cholimba moti mpeni unkaterereka. Anachikokera pambali n'kuchithira madzi ndowa zitatu. Pang'onopang'ono zinthu zinayamba kuoneka. Munali majumbo ambiri, chingwe cha nayiloni, sokosi, lamba wa kabudula, dzanja la juzi. Ndipo pakati pa zonsezo, yopotana ngati chingwe, panali nsalu yobiriwira ija. Miyezi yonseyo m'mimba mwa ng'ombe, tinthu take tija tinali tikunyezimirabe.

Amuna anga anayesa kundiikira kumbuyo. "Majumbowa si ake yekha. Tonse timataya."

"Nzoona," alangizi anatero. "Ndaonapo zotere kwina kumene kulibe wogulitsa kaunjika. Koma nsalu zotere ndi zimene zimamanga zonse pamodzi. Sizigayika, siziwola."

Apongozi anayandikira, n'kuyang'ana chimpukutucho nthawi yaitali. Kenako anandifunsa, mawu awo ali pansi.

"Munaiona liti?"

"Mu Okutobala, bambo."

Anapinda zala chimodzichimodzi. "Miyezi yonseyi mukundipatsa madzi osamba m'mawa uliwonse, osanena?"

Kenako anatembenukira kwa alangizi.

"Akananena nthawi yomweyo, ikanachira?" anawafunsa.

"Mwina ayi. Zinayamba kuunjikana kale. Koma mukanaletsa inzakeyo kupitako."

Apongozi anayang'ana ng'ombe yakuda, imene inaima pakona ya khola ikununkhiza magazi. Kenako anabwerera kwa ine.

"Ng'ombe ndi nyama, apongozi, tidya. Kutaya nsanza simunadziwe. Koma mwandisiya ndidane ndi m'bale wanga, inu mukuona."

Anavula chipewa, n'kuyenda kupita pamene panaima msuweni wawo. Amuna awiri aja anali atasuntha kale, ndodo itabisidwa kumbuyo. Sindinamve zimene apongozi ananena, chifukwa analankhula motsitsa kwambiri. Msuweniyo anamvetsera mpaka anamaliza. Anamuuza mkazi wake kuti tiyeni, ndipo anatsika njira yomwe anabwerera. Madzulo apongozi anawatumizira mwendo wathunthu wa ng'ombe. Unabwezedwa.

Sanandibweze kwathu. Mwina zikanandipepukira akanatero. Amuna anga anakhala masiku angapo akulankhula nane zofunika zokhazokha, ndipo tsiku limene anayamba kulankhula anangoti, "Tsiku lija m'chigafa, bwenzi mutangonena." Alamu sanandiyankhe moni mpaka mvula ina. Nyama ina tinagulitsa, ina tinayanika, koma ine sindinailawe.

Chimanga cha mabanja anayi tinayamba kututa pamutu. Munda wa apongozi uli kutali, kuseri kwa kaphiri, ndipo tinkayenda maulendo asanu ndi umodzi pa tsiku, madengu akutikhadzula m'khosi. Palibe amene anandinena poyera. Koma mayi aliyense akatula dengu n'kudzigwira m'chiuno, ndinkamva ngati wanditchula dzina.

Tsiku lachitatu ndinapita kutsidya, ndekha. Ndinapeza mkazi wa msuweni uja akutonola chimanga pakhonde. Ndinagwada pabwalo n'kupepesa, ndinatchulanso za tsiku lija kumjigo. Anandiyang'ana, manja osasiya ntchito.

"Zidzukulu zanga anzawo ankazithawa kusukulu," anatero. "Ankati agogo awo ndi mfiti. Inu munali ndi pakamwa nthawi yonseyo."

"Ndinkaopa, amayi."

"Ifenso tinkaopa."

Sanandipatse mpando, koma sanandithamangitse. Ndinakhala pansi n'kuyamba kutonola nawo. Tinamaliza dengu lonse osalankhulanso, ndipo ndinatsanzika.

Sabata yachiwiri, m'mawa wina, tinapeza ng'ombe yachilendo itamangidwa pa mtengo wa pakhola. Inali ya msuweni uja. Anaibweretsa yekha, osaodira, n'kubwerera. Inali yaifupi kuposa yakuda, moti goli linkakhala chopendekera ndipo ngolo inkayenda mokhotakhota, koma chimanga chinafika m'nkhokwe mvula ya chiperoni isanachinyowetse. Titamaliza, apongozi anaibweza okha. Anakhalako nthawi yosakwana kumwa kapu ya madzi. Masiku ano amapatsana moni, ndipo pamaliro amakhala pamodzi, koma kuchezerana kwa kale kuja sikunabwerere.

Chilimwe chimenecho ine ndi amuna anga tinakumba m'chigwembe masiku ambiri. Tinatulutsa matumba oposa amene ndinkakumbuka kuti ndinataya, ndipo ndikudziwa kuti zina zidakali pansi pa matope, zina zinapita ndi madzi kwa anthu a kumunsi amene sindikuwadziwa. Funso linali lomwe lija: tiziika kuti? Kutentha ayi, kukwirira ayi. Tinaziunjika m'chigafa chakale, n'kutchinga khomo ndi minga kuti mbuzi zisalowe.

Geni sindinasiye. Ndikananena kuti ndinasiya, likanakhala bodza. Ana akufuna makope, ndipo anthu a kuno akufunabe zovala zimene angakwanitse. Ndimayesa kufunsa kwa ogulitsa mabelo kuti andipatse la nsalu zolimba, amandiuza kuti nawonso amalandira chomangamanga, sadziwa zam'kati. Ndikadula lamba womaliza n'kuona tonyezimira tikutuluka ndimadziwa kuti chigafa chija chilandiranso alendo. Chatsala pang'ono kudzaza. Amuna anga anandifunsa tsiku lina kuti chikadzaza tidzatani, ndinawayankha kuti sindikudziwa, ndipo mpaka pano sindikudziwa.

Ng'ombe yakuda ilipo. Apongozi anagula inzake yaing'ono patapita zaka ziwiri, ndipo kuchigwembe sazilolanso kuyandikira. Koma yakudayo inadya nawo mmenemo, tonse tikudziwa. Alangizi anati palibe njira yodziwira kuchuluka kwa zimene inameza, ikhoza kukhala nazo zaka zambiri osadwala, ikhozanso kuyamba kuuma mwezi wamawa. M'mawa uliwonse, asanatsegule khola, apongozi amaima kumanzere kwake n'kukanikiza chibakera pamimba monga anaonera kwa alangizi. Ine ndimakhala ndili pakhomo ndi tsache m'manja, osasesa, kudikira kuti achotse dzanja ndione ngati patsala dzenje.